Kodi ndi zoona kuti kompyuta ndi imene imalamula mageti a ku Liwonde?

MwanaWakuMalindi

Abale anzanga moni nonse. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira 2024 ndipo ndaona kuti muno muli anthu odziwa zamadzi nde mwina mundimasula. Kwathu ndi ku Mangochi, mayi anga amakhala mphepete mwenimweni mwa nyanja, ine ndili ku Blantyre kuno pa ntchito. Mu 2024 muja nyanja inadzadza mpaka madzi kufika pabwalo, poyamba anangonyambita mpanda wabango, kenako chimbudzi chinatitimira, kenako khitchini ya zidina zosaotcha ija inagwa usiku. Sikuti anabwera mwaukali ngati a mumtsinje ayi, ankangokwera pang'onopang'ono, mayi ankati akazika kamtengo madzulo pamene madzi alekezera, m'mawa kukaona kamtengo kali m'madzi. Anakhala miyezi akugona kwa achemwali awo kumtunda, nkhuku ndi mbuzi zomwe kusamuka nazo.

Nde pamsonkhano wina umene unachitika kumudziko, bwana wina atafunsidwa kuti bwanji osangotsegula mageti onse a ku Liwonde madziwa apite, anayankha kuti iwo satsegula mwachisawawa, pali pulogalamu ya pakompyuta imene imaonetsa kuti atsegule motani. Anthu anangoti kukamwa yasa. Mayi pondiuza pafoni anati akuti makina ndi amene akukana, ndipo mpaka lero amakhulupirira choncho, kuti kwinakwake kuli makina amene anasankha kuti khitchini yawo igwe.

Ine kompyuta ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku koma za akaunti, zamadzi sindizidziwa. Nde ndikufunsa kuti pulogalamu imeneyi ndi chani kwenikweni, imadziwa bwanji kuti madzi ndi ochuluka chonchi, ndipo manambala ake amaikamo ndani? Imadziwa kuti mphepete mwa nyanja muli nyumba za anthu kapena imangoganiza zamagetsi basi? Chifukwa anthu kwathu amanena poyera kuti madzi amasungidwa dala kuti a m'tauni asamakhale mumdima, ife nkumamira. Sindikufuna kutukwana munthu, ndikufuna kumvetsa, chifukwa pano ndikusonkha kandalama koti ndiwamangire mayi nyumba ya zidina zootcha ndipo sindikufuna ndithire simenti pamalo pamene madzi adzabwererenso.

WamagejiWakale

Achimwene pepani ndi zimene zinawaonekera mayi. Ine ndagwira ntchito yoyeza madzi m'mitsinje zaka zambiri ndisanapume, nde ndiyesa kufotokoza mmene ndikudziwira, mundipirire ndilemba motalika.

Kompyuta siyitsegula geti ndipo siyikana kanthu. Otsegula ndi anthu. Baraji ya Kamuzu ku Liwonde, chotchinga cha pa mtsinje wa Shire chimene chimawongolera madzi otuluka m'nyanja, inamangidwa mu 1965, ili ndi mageti 14, ndipo amene amaiyang'anira pano ndi a National Water Resources Authority, bungwe limene linabwera ndi lamulo la zamadzi la 2013. Inakonzedwanso zaka zapitazi ndi ndalama za World Bank pa pulojekiti yaikulu ya chigwa cha Shire ija, ndipo mu pulojekiti yomweyo munabweranso zida zoyezera madzi ndi mapulogalamu a pakompyuta othandiza kulosera. Bwana uja ayenera kuti ankanena zimenezo.

Mmene imagwirira ntchito nzosavuta kuzimvetsa. Ganizani za mayi amene wasuzumira m'nkhokwe mwezi wa June nkumawerengera ngati chimanga chifika February, akudziwa pakamwa pamene akudyetsa, akudziwa kuti china anankafumbwe adya, china chipita kumaliro, nde akuona kuti azitapa motani. Pulogalamuyi ndi choncho, kungoti nkhokwe yake ndi nyanja. Mumaipatsa mulingo wa nyanja walero umene amawerenga pa mageji, zipilala za manambala zoyezera kukwera kwa madzi, ngati a ku Monkey Bay, Nkhata Bay ndi Chilumba, mumaipatsa mvula imene yagwa ndi imene a zanyengo akuyembekezera, madzi olowa kuchokera m'mitsinje, madzi ouma ndi dzuwa ndi mphepo, komanso zosowa za anthu a kumunsi. Mukatero mumaifunsa kuti nanga titatsegula chonchi, pofika November nyanja idzakhala pati, nanga titatsegula kwambiri ku Chikwawa kudzakhala bwanji. Iyo imakuwerengerani njira zonsezo mu mphindi zochepa pogwiritsa ntchito mbiri ya zaka zambiri. Kale tinkachita ndi pensulo ndi pepala la magirafu, njira imodzi yokha kukutengera masiku.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri sitimvetsa, kukula kwa nyanjayi. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu kupitirira masikweya kilomita 29,000. Sentimita imodzi yokha pamwamba pa nyanja yonse ndi madzi pafupifupi makyubiki mita 290 miliyoni. Tiyerekeze kuti mwatsegula mageti nkuwonjezera makyubiki mita 500 pa sekondi iliyonse pamwamba pa amene akutuluka kale, amenewo ndi madzi ambiri zedi kwa anthu a kumunsi, koma pa tsiku ndi 43 miliyoni basi. Ndiye kuti sabata yathunthu kuti nyanja itsike ndi sentimita imodzi, kachala kamodzi, ndipo apo ndiye kuti kumpoto mvula yaleka. Pamene mu March ndi April mitsinje ya Songwe, South Rukuru, Bua, Dwangwa, ndi Ruhuhu wa ku Tanzania uja amene ndi wamkulu pa yonse, imakhala ikukhuthula madzi usana ndi usiku. Mu 2024 mulingo unapitirira mamita 476 kuchokera pa nyanja yamchere. Kunena mosabisa, ngakhale akanatsegula onse 14 tsiku limene mayi anazika kamtengo koyamba, khitchini ija ikanagwabe. Madzi ambiri a nyanja yathu satuluka nkomwe kudzera mu Shire, amauluka ngati nthunzi, Shire amangotenga kagawo kochepa.

Komanso oyendetsa baraji amakhala ndi mantha ena amene inu a kunyanja simuwaona. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1930 nyanja inatsika kwambiri moti Shire analeka kutulutsa madzi kuchokera m'nyanja, zinachitikadi zimenezi. Ndipo inu muli ku Blantyre mukukumbuka mmene magetsi anavutira mu 2016 ndi 2017 pambuyo pa chilala, nyanja itatsika. Pa mtsinje umodzi womwewu pali Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino, pali Walker's Ferry pamene a Blantyre Water Board amapopa madzi amene inuyo mwamwa lero, pali nzimbe za ku Nchalo, ndipo pakubwera ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ya mahekitala oposa 40,000. Madzi ukawataya chaka chino sungawaitanenso chaka chamawa mvula ikakana.

Koma funso lanu lija lakuti imadziwa nyumba za anthu, ndiyankhe zoona, pulogalamu imadziwa mulingo, nyumba ya mayi siyiidziwa pokhapokha munthu wina ataiikamo. Ngati palibe amene anayenda mphepete mwa nyanja nkulemba kuti pa mulingo wakuti midzi yakuti imalowa madzi, ndiye kuti pa sikirini pamangooneka mzere ukukwera, kulira kwa anthu sikuoneka.

MayiWakuMakhanga

Achimwene a ku Mangochi, ndawerenga ndipo chisoni chandigwira chifukwa kugona kwa eni ake ndikukudziwa. Koma mundilole ndilankhuleko monga wa kumunsi. Nthawi imene inu munkakuwa kuti tsegulani mageti, ife ku Nsanje kuno tinkapemphera kuti asatsegule, chifukwa madzi amene mukufuna achoke pabwalo panuwo alibe kwina kopita, njira yawo ndi m'minda mwathu. Ife timadalira ulimi wakudimba, madzi akaphwa cha m'ma April ndi May timadzala chimanga, nyemba ndi mbatata pa chinyontho chimene chatsala, chakudya chathu chenicheni ndi chimenecho osati cha dzinja. Nde Shire akakhala wodzadza chaka chonse madimba saphwa, sitidzala, njala yake imakhala yoopsa kuposa ya chilala ndipo palibe amene amabwera kudzajambula chifukwa nyumba sizinagwe.

Komabe zimene ndaphunzira pokhala kuno nzakuti madzi amene amatipha mwadzidzidzi sachokera ku Liwonde. Amachokera ku Ruo, mvula ikagwa ku phiri la Mulanje ndi mbali ya Mozambique uko. Ruo akafika ku Chiromo ali wokwiya amamutsekereza Shire, madzi nkumabwerera m'mbuyo kudzadza dambo lonse. Mu January 2015 ife tinasanduka chilumba, chakudya chinkabwera pa helikopita, Ruo anasiya njira yake nkudzipangira ina. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu 2022 Ana amene anagumula damu la Kapichira, mu March 2023 Freddy. Zonsezi mageti a ku Liwonde sakanaziletsa chifukwa mitsinje imeneyi imalowa mu Shire kumunsi kwa baraji.

Za kompyutazo ine ndinene zimene ndinaona ndi maso. Ndili mu komiti ya zangozi ya m'mudzi mwathu. Uthenga wa a zanyengo umabwera pafoni masiku angapo namondwe asanafike, ndipo pa Freddy unabweradi msanga, zimenezo ndiyamike. Koma uthenga umati madera a kumwera kugwa mvula yamphamvu, mitsinje isefukira. Gogo wa zaka 70 sungamunyamule usiku kusiya mbuzi zake chifukwa cha mawu akuti madera a kumwera. Chimene chimasamutsa anthu ndi foni ya bambo wina wa kumtunda amene amakaona geji pamtsinje ndi tochi, akaimba kuti madzi adutsa pachikasu afika pofiira, ife timatenga megafoni ndi wenzulo kuzungulira mudzi, apo anthu amadzuka chifukwa bamboyo amamudziwa ndipo sanatinamizepo. Tsiku lina foni yake inalibe moto, anathamanga kukabwereka ya mphunzitsi.

Nde ine ndimafunsa kuti makompyuta aakuluwo sangathe kutiuza mofanana ndi bamboyo, kuti inu a mudzi wakuti madzi akufikani pakatha maola akuti? Ndipo akafuna kuwonjezera madzi ku Liwonde azitiuza ife nthawi ilipo, m'Chichewa ndi m'Chisena pa wailesi, tisanataye mbewu m'dimba.

NaPhiri265

Bambo Wamageji mwafotokoza bwino kwambiri, ine ndingowonjezera za mkati mwa pulogalamumo popeza ndinagwiritsapo imodzi pa pulojekiti yanga yomalizira sukulu. Ndinagwiritsa WEAP, yopangidwa ndi a Stockholm Environment Institute, kwa ophunzira ndi maboma a maiko osauka ngati lathu laisensi yake ndi yaulere. Pali inanso ngati MIKE ya a DHI a ku Denmark imene ndi yogula, ndi SWAT yaulere imene ambiri amaigwiritsa pa nkhani ya kukokoloka kwa nthaka. Umajambula mtsinje pa mapu, kuika madamu, tauni, ma sikimu othirira, kenako nkuyamba kuyesa, bwanji anthu atachuluka kawiri, bwanji mvula itachepa, bwanji titamanga damu apa. Kunena zoona imatsegula maso, ine ndinali ndisanaganizepo kuti sikimu yaing'ono ya kumtunda ingaumitse mpope wa anthu a kumunsi mu October mpaka nditaona pa girafu.

Koma achimwene a ku Malindi funso lanu lakuti imangoganiza zamagetsi, yankho lake lili pa kabokosi kamodzi kakang'ono. Mu WEAP aliyense wofuna madzi umamupatsa nambala kuyambira 1 mpaka 99, wa 1 ndi amene amayamba kulandira madzi akachepa. Nambala imeneyo kompyuta siyiisankha, umalemba ndi iwe wakhala pa kiyibodi. Ine ndinalemba madzi akumwa 1, ulimi 2, madzi otsala mumtsinje a nsomba ndi zachilengedwe 3, aphunzitsi anga anandifunsa kuti wakuuza ndani kuti msodzi abwere pomaliza, ndinasowa choyankha. Mapulogalamu enawo ali ndi njira zawo koma nkhani ndi yomweyo, pali malamulo amene anthu anagwirizana nkuwalowetsamo. Nde munthu akati kompyuta yatero, funso labwino ndi lakuti malamulo ake analemba ndani ndipo ife tingawaone kuti. Anthu a kunyanja ndi a ku Nsanje anayenera kukhala nawo pa tebulo pamene zimenezo zikukambidwa, osati kuuzidwa pambuyo.

Vuto lina limene linandiliza ndi deta. Ndinapita ku ofesi ina kukapempha manambala a mtsinje umene ndinkaphunzira, anandilandira bwino koma chimene ndinapeza ndi mafotokope a timabuku, zaka zina zonse kulibe, kwina geji inakokoloka nkukhala zaka osabwezeretsedwa. Mwezi wina wa February ndinapeza nambala imodzimodzi tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo, masiku 28 onse, pamene mvula mwezi umenewo inagwa yambiri. Mtsinje sungaime chonchi mu February. Ndikuganiza kuti wowerengayo analemba ali kunyumba, ndipo sindimuda, munthu ukakhala miyezi osalandira kangachepe kako sungamayende mtunda kawiri pa tsiku kupita kumtsinje kusiya munda. Koma kompyuta siyidziwa zimenezo, imameza nambalayo nkukupatsa girafu yokongola yamitundumitundu, ndipo bwana woiona amakhulupirira chifukwa yatuluka mu makina.

Pa mvula ndinathandizidwa ndi CHIRPS, deta ya ma satelayiti yaulere imene imayambira 1981, koma satelayiti ingakuuze mvula, madzi oyenda pansi pa mlatho pamafunikabe geji. Zida zodziwerengera zokha zotumiza pa netiweki zilipo m'malo ena, koma sola ikabedwa kapena batire ikafa, kapena SIM ikatha ndalama, chida chimangokhala chete ndipo kumafunika galimoto ndi mafuta kuti munthu akachione. Pulojekiti ikatha ndalama zimenezo zimavuta, akatswiri akunja apita, amene anaphunzitsidwa ena asamutsidwa ena apeza ntchito kwina. Ine ndimaona kuti tikanayamba ndi kulipira owerenga mageji mwezi ndi mwezi osadumphitsa, tisanagule pulogalamu ina yatsopano.

MakanikaWamijigo

Akuluakulu ine za nyanja ndi baraji sindifikako, ntchito yanga ndi yokonza mijigo, ndimayenda pa njinga m'midzi yoposa 30. Koma nanenso kompyuta yamadziyi inandipeza nde ndinene mbali yanga.

Ife tinaphunzitsidwa kugwiritsa mWater, ka app ka pafoni. Ukafika pa mjigo umatenga GPS, kujambula chithunzi, kulemba ngati ukutulutsa madzi, mtundu wa pampu, kaya ndi Afridev kaya chitsime chotetezedwa, ngati komiti ilipo, ngati pali chimbudzi kapena khola pafupi. Imagwira ngakhale kulibe netiweki, ukafika pa trading nkugula bandulo zonse zimakwera. Ntchito imeneyi inachitika dziko lonse ndi thandizo la boma la Scotland ndi a yunivesite ya Strathclyde, malo otungapo madzi oposa 100,000 analowa pa mapu.

Chimene ndinaona ndi ichi. Kunabwera mwayi wa mjigo umodzi watsopano m'dera lathu, ndipo aliyense ankadziwa kale kuti upita kumudzi kwa munthu wina wamphamvu, sinditchula. Pamsonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lathu, mnyamata wa zamadzi anatsegula laputopu nkuonetsa mapu pakhoma la kalasi, anthu onse anaona ndi maso kuti mudzi umenewo uli kale ndi timadontho titatu toyandikana, pamene kuseri kwa phiri kuli midzi iwiri yopanda kadontho ngakhale kamodzi, azimayi akumeneko amatunga pa dambo limodzi ndi ng'ombe. Munali zii mukalasimo. Kenako amfumu ena achizimayi anaimirira nkuloza ndi ndodo yawo pamalo opanda kanthupo, anati kwathu ndi apa. Mjigo unapita kuseri kwa phiri. Zoti kulibe madzi kumeneko tonse tinkazidziwa kale, koma pakamwa pokha zinkakanidwa, pakhoma zinavuta kukana.

Kuipa kwake nkwakuti mapu amakalamba msanga. Mjigo umene ndinalemba kuti ukugwira ntchito, patatha miyezi iwiri U-seal (kalabala ka mkati mwa pampu) yatha, ma rodi aduka, mabushi aperepeseka, kapena madzi atsika mu October, koma pa mapu ukuonekabe wabwino mpaka wina apitenso. Ine ndimayesetsa kusintha ndikakonza koma bandulo ndimagula ndi ndalama yanga, nde pena ndimasunga mpaka mwezi. A chemwali NaPhiri anena zoona, pansi pa girafu iliyonse pali munthu woyenda wapansi kapena pa njinga.

MwanaWakuMalindi

Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti mundiyankha mozama chonchi. Mayi a ku Makhanga mwandikhudza, ine moona mtima sindinaganizepo kuti madzi amene tinkafuna achoke kwathu akanakathera m'dimba mwanu, pepani. Masamu a sentimita imodzi pa sabata aja ndawabwereza ndekha pa kakyuleta ndipo akutuluka chomwecho, ndiyesa kuwafotokozera mayi ngakhale sindikudziwa ngati avomera. Komabe mtima wanga sunakhazikike pa chinthu chimodzi, ngati pulogalamuyo imatha kuona miyezi ya kutsogolo, bwanji sanayambe kutulutsa madzi msanga mvula isanayambe, ndipo bwanji ife sanatiuze mu January kuti konzekani nyanja ikubwera? Tikanasamutsa zinthu mwadongosolo. Nanga bambo Wamageji, za nyumba ija mundilangiza bwanji, ndimange pati?

WamagejiWakale

Funso lanu latsopanoli ndi limene lili ndi mano achimwene, ndipo sindiikira kumbuyo aliyense. Kutulutsa madzi msanga nkotheka koma ndi juga, chifukwa mu October palibe amene amadziwa motsimikiza kuti mvula ya ku Tanzania ndi kumpoto idzagwa bwanji mu March. Kumbukirani kuti nyengo ya 2023 kulowa 2024 inali ya El Niño, kumwera kuno chimanga chinapserera m'minda mpaka boma linalengeza kuti kwagwa tsoka m'maboma ambiri, pamene kumpoto kwa nyanja mvula inali yochuluka. Tangoganizani munthu kutaya madzi mu November aliyense akulankhula za chilala, akanamuona ngati wamisala. Pulogalamu imakupatsa njira zingapo, mvula ikachuluka zidzatere, ikachepa zidzatere, kusankha kuti tiope chiti ndi kwa anthu ndipo amene wasankha ayenera kuima poyera nkufotokoza, osabisala kumbuyo kwa makina.

Koma za kuchenjeza ndikugwirizana nanu kotheratu. Nyanja siyikwera usiku umodzi ngati Ruo, imayamba kukwera cha mu December nkufika pachimake cha mu April kapena May chaka chilichonse, nde ikayamba nyengo ili kale pamwamba, pofika February munthu woona manambala amadziwa kumene zikupita. Zidziwitso za mulingo zimatuluka, koma nambala ngati 476 kwa mayi anu ilibe tanthauzo. Pamafunika wina woimasulira kuti ndiye kuti madzi afika pa mtengo wa mango wakuti, pa sitepe ya tchalitchi chakuti. Ntchito imeneyo ndi yotheka ndi mapu a kukwera kwa nthaka ndi kompyuta yomweyo, kenako nkukhoma zipilala zopenta m'midzi.

Mwana wanga NaPhiri, za February uja wandikumbutsa kale. Ine ndikamalandira timabuku ta owerenga mageji ndinkayamba kuona pepala ndisanaone nambala. Kabuku koona kamakhala ndi matope, inki yofufutika ndi mvula, tsiku lina pensulo tsiku lina bolopeni. Kakabwera koyera bwino ndi cholembera chimodzi kuyambira pa 1 mpaka pa 30, ndinkakwera njinga yamoto kukacheza naye munthuyo, nthawi zambiri unkapeza kuti wadwala, kapena geji inapita ndi madzi akuopa kunena kuti ntchito ingathe.

Za nyumba, musayang'ane pamene madzi anafika mu 2024 pokha. Mu 1980 nyanja inakwera kuposa pamenepo, inapitirira mamita 477, ndipo nchifukwa chake akatswiri amalangiza kuti osamanga pansi pa mzere wa 477. Musadalire GPS ya pafoni pa kutalika kwa malo, imaphonya ndi mamita angapo ndipo apa mita imodzi ndi nkhani yaikulu. Kumudziko funani akuluakulu amene analipo mu 1980 akulozereni pamene madzi analekezera, funsani awiri kapena atatu payekhapayekha, kenako onjezeranipo chifukwa mwera ukawomba mafunde amapitirira pamene madzi odekha afika. Ngati pali chizindikiro cha 2024 chimene chikuonekabe pakhoma kapena pa mtengo, mmisiri wodziwa angathe kuyeza kuchokera pamenepo ndi kapaipi koonekera kamadzi kaja amalinganizira maziko, mukwere mita imodzi ndi theka kapena kuposa. Chimbudzi chikhalenso kumtunda komweko, kutali ndi chitsime.

MwanaWakuMalindi

Ndamva bambo. Mzere wa 2024 ukuonekabe pakhoma la nyumba yaikulu, mayi anakana kuti tipake laimu. Kuli agogo ena amene anali asodzi nthawi imeneyo, amakonda kunena za chaka chimene ankamangirira bwato pa mtengo wa mlambe wa kuseri kwa mzikiti, ife tinkangoti nthano za akulu. Ndikupita kumudzi Loweruka lino, ndikayamba ndi kwa iwowo ndisanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, ndipo kapaipi ndigula ku Limbe mawa.